Mufuna kukaona nkalamu ku Mfuwe? Musatume dipoziti musanafunse izi

Ikangoyandikila holide ya masiku anayi, monga ija ya Heroes na Unity mu July, foni siipuma. Pa WhatsApp na pa Facebook pamadzala zithunzi zokongola: nkalamu yagona pa mchenga, njovu ziwoloka mtsinje, anyamata na atsikana ovala zipewa za kaki ali pamwamba pa Land Cruiser. Pansi pali mtengo na nambala ya mobile money. Ati malo atsala atatu chabe, tumani dipoziti lelo. Mnzanu wa ku nchito wakutumilani kale kawili, ndipo imwe mwayamba kuwelengela ndalama ya chilimba ya mwezi uno.

Mtima wofuna kuyenda ni wabwino, musauphe. Kale tinali kuganiza kuti kukaona nyama ni za azungu na mabwana a ku Kabulonga, koma manje achinyamata a ku Matero, Chawama, Kanyama na Mtendere ayamba kusonkhelana na kuyenda. Zambia ili na ma national park 20, ndipo mwana wa dziko lino amalipila ndalama yochepa pa geti kusiyana na mlendo wochokela kunja. Vuto ni lakuti pamene pali njala ya maulendo, pabwelanso anthu a njala ya ndalama zanu. Ena ni akuba eni-eni. Ena si akuba, koma sadziwa nchito, ndipo kusadziwa kwawo kungakusiyeni pa Luangwa Bridge usiku na basi yakufa, kapena pafupi na njovu yokwiya popanda munthu wodziwa chochita. Akulu anati chikome-kome cha mkuyu, mkati muli nyelele. Tiyeni tiung'ambe mkuyu uyu tione mkati.

Yambani mwadziwa amene mukamba naye

Anthu ogulitsa maulendo ali m'magulu atatu. Oyamba ni eni maloji na makampu amene ali pafupi na paki kapena mkati mwake. Awa ali na mamotoka awo otseguka pamwamba, magaidi awo, na chilolezo choyendetsa alendo mu paki. Achiwili ni makampani a m'tauni amene amakonza ulendo wonse: amapeza basi, amasungitsa malo ogona, amalipila loji kuti ikuyendetseni. Iwo alibe loji, nchito yawo ni kulumikiza, ndipo amaikapo phindu lawo. Palibe cholakwika pamenepo ngati achita bwino. Achitatu ni aja a chikwama m'manja: munthu mmodzi, foni imodzi, zithunzi zotola kwa ena, ofesi kulibe.

Funso loyamba likhale losavuta: “Imwe ba boss, loji ni yanu, olo mutipeleka chabe?” Munthu woona amayankha mosazungulila, amatchula dzina la loji na dzina la kampani imene idzakuyendetsani mu paki. Wa chikwama amayamba nyimbo: “Osadandaula mwandi, vonse vili sorted, tizakuuzani tikafika.” Mukamva mawu amenewo, bwezani foni m'thumba. Munthu amene afuna ndalama yanu koma safuna kutchula kumene mudzagona ali na chimene abisa.

Mapepala si mwano

Ambili timachita manyazi kufunsa mapepala, monga kuti tamutukwana munthu. Koma pogula ploti mumafunsa mapepala, pogula motoka mumafunsa white book. Ulendo nawonso ni katundu. Kampani yoona imakhala yolembetsedwa ku PACRA, ili na TPIN ya ku ZRA, ndipo ili na laisensi yochokela ku Zambia Tourism Agency, bungwe limene lamulo la Tourism and Hospitality Act la mu 2015 linapatsa mphamvu yopeleka malaisensi ku mabizinesi a zokopa alendo. Za mkati mwa paki zili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, DNPW, imene inalowa m'malo mwa ZAWA ndipo likulu lake lili ku Chilanga. Aliyense woyendetsa alendo mu paki monga bizinesi afunika chilolezo chawo.

Pemphani akutumileni chithunzi cha laisensi, muone dzina na chaka. Ndiyeno yelekezani maina atatu: dzina la pa laisensi, dzina la pa chithunzi cha malonda, na dzina limene lituluka pa foni mukalowetsa nambala yolipilila. Ngati laisensi ikamba kampani ina, malonda akamba dzina lina, ndipo ndalama iyenda kwa munthu amene simunamumvepo, funsani chifukwa chake. Nthawi zina pali yankho lomveka, monga bizinesi yaing'ono imene mwini wake amalandila pa nambala yake. Koma yankho libwele musanalipile, ndipo lilembedwe.

Ngati akuti ali na ofesi, pitani mukaione. Ndalama ya minibasi yopita m'tauni ni yochepa kuposa dipoziti imene mungataye. Ofesi siifunika kukhala ya magalasi ku Arcades. Olo kachipinda kamodzi, malinga mungabwelelenso mawa n'kupezamo munthu.

Muyeseni na nyama

Pali mayeso amene wabodza amalephela msanga. Mufunseni nyama zimene mudzaona. Ambili amakonda kulemba kuti Big Five, kutanthauza nkalamu, kaingo, njovu, njati na chipembele. Manje mvelani: ku South Luangwa kulibe chipembele. Zinatha na opha nyama mozemba zaka za m'ma 1970 na 1980. Zipembele zakuda zinabwezedwa ku North Luangwa kuyambila mu 2003, ndipo zoyela mungazione ku Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, kumene asilikali a nyama amazilonda usana na usiku. So munthu akakulonjezani Big Five ku Mfuwe, mwina sanapondeko, olo wakuonani monga mwana.

N'chimodzi-modzi na nyamalikiti. Ku Kafue kulibe, ku Lower Zambezi kulibe. Ku South Luangwa iliko, ndipo ni mtundu wa Thornicroft umene supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'chigwa cha Luangwa. Ku Mosi-oa-Tunya mudzaona njovu, mbidzi, nyamalikiti na njati, koma si malo opitila nkalamu. Paki iyo ni yaing'ono, pafupi-fupi masikweya kilomita 66, pamene South Luangwa ili na 9,050 ndipo Kafue ipitilila 22,000.

Wodziwa nchito salonjeza nyama monga kuti anaimanga pa chingwe. South Luangwa imadziwika kwambili na kaingo, maka-maka pa ulendo wa madzulo pamene amaunika na nyali yamphamvu, koma gaidi woona adzakuuzani kuti mwayi ulipo waukulu, osati kuti ni shuwa. Thengo si Munda Wanga. Mungazungulile maola anayi n'kuona nswala na mvuu chabe, mawa lake n'kupeza nkalamu zili pa njati pafupi na geti. Uyo amene akuti “nkalamu guaranteed” agulitsa chinthu chimene si chake.

Kalenda ni theka la ulendo

Mufunseninso chifukwa chake wasankha mwezi umenewo. Nthawi ya chilimwe, kuyambila May mpaka October, udzu umauma, madambo amaphwa, nyama zimasonkhana ku mtsinje, ndipo kuziona n'kosavuta. Ndiye nthawi imene mitengo imakwela. June na July m'mawa kumazizila koopsa pa motoka yotseguka, tengani jekete ya salaula yolemela. October m'chigwa cha Luangwa na cha Zambezi kutentha kumapitilila madigiri 40, ndipo amene sakuuzani zimenezi sakukondani.

Mvula ikayamba mu November mpaka April, thengo limabiliwila, nswala zimabala, mbalame zimachuluka, ndipo maloji ambili amatsitsa mitengo. Kwa ife a thumba lochepa iyi ni nthawi yabwino yofunsa mtengo wa anthu a m'dziko. Koma makampu a mkati mwa thengo amatseka chifukwa misewu imasanduka matope, ndipo nyama zimabalalika chifukwa madzi ali paliponse. Mbali ya Mfuwe imayendeka chaka chonse. Busanga Plains kumpoto kwa Kafue imamila m'madzi nthawi ya mvula, so amene agulitsa Busanga mu February agulitsa maloto.

Zina zili na nthawi yake yeni-yeni. Mileme mamiliyoni imasonkhana ku Kasanka, kufupi na Serenje, kuyambila kumapeto kwa October mpaka December. Nyumbu za ku Liuwa Plain, kupitilila Kalabo, zimasonkhana zambili mvula yoyamba ikagwa cha mu November, ndipo kuja ni mchenga wofuna 4x4, osati Noah ya amalume. Mathithi a Mosi-oa-Tunya amadzala cha mu March mpaka May, koma pofika October na November mbali ya Zambia imakhala miyala yambili, madzi pang'ono. Ngati chithunzi chionetsa madzi osefukila koma ulendo ni wa pa Independence, 24 October, dziwani kuti chithunzi na deti sizigwilizana.

Msewu ndiye umapha, osati nkalamu

Anthu amaopa nyama, koma ngozi yaikulu pa ulendo wotele ili pa tala. Kuchoka mu Lusaka kufika ku Chipata ni makilomita pafupi-fupi 570 pa Great East Road, kudutsa Chongwe, Rufunsa, mapili a Manenekela, Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke na Katete. Kuchoka pa Chipata kufika ku Mfuwe muwonjezele ena pafupi-fupi 130. Ni ulendo wa tsiku lathunthu. Manje welengani: ngati akuti munyamuka Chisanu usiku, mubwelela Sondo, ndiye kuti masiku awili muli mu basi, ndipo thengo mudzaliona tsiku limodzi chabe, maso ali ofiila na tulo. Ulendo wa ku Mfuwe ufunika mausiku atatu kuti ndalama yanu igwile nchito. Ngati muli na wikendi chabe, Kafue ili pafupi: msewu wa ku Mongu umadutsa mkati mwa paki, ndipo kufika pa Hook Bridge kudzela ku Mumbwa ni maola pafupi-fupi anayi.

Funsani za motoka. Ni basi ya mtundu wanji, ya mipando ingati, ndipo anthu olembetsa ni angati? Rosa ya mipando yochepela 30 siingatenge anthu 35 pamodzi na ma cooler box. Ili na fitness ya ku RTSA na inshuwalansi? Dalaivala ali na laisensi ya PSV? Pa ulendo wautali, madalaivala ni awili kapena ni mmodzi amene adzayendetsa kupita na kubwela atagona pa mpando? Basi ikafa pa Kacholola, ndani adzatuma ina, ndipo adzalipila ndani? Kampani yokhwima ili na yankho chifukwa zinaichitikilapo. Yatsopano imati “Mulungu azatisunga.” Inde adzatisunga, koma tayala la sipeya likhalepo.

Pewani pulogilamu yoyenda usiku. M'mapili muja muli makona oipa na mathilaki akufa opanda zizindikilo, ndipo kufupi na Mfuwe njovu zimadutsa msewu mumdima. Funsaninso ngati dalaivala amaloledwa kulawa zimene zili mu cooler box. Musaseke, funsani.

Chinanso, basi imene yakubweletsani si motoka yoonela nyama. Mukaona pulogilamu ikamba game drive, funsani ngati ni pa motoka yotseguka ya loji yokhala na gaidi, kapena ni Rosa imodzi-modziyo kuzungulila na mawindo otseka, kondakita n'kukhala gaidi. Kusiyana kwake kuli monga nsima ya nkhuku ya kumudzi na nsima ya mchele.

“Zonse zilimo” atanthauza chani?

Apa ndiye pamene ambili amalilila. Mtengo wa pa chithunzi umaoneka wotsika chifukwa zinthu zina anazichotsa mwakachetechete. Uzani wogulitsa alembe mndandanda, chinthu chilichonse pa mzele wake.

Ndalama ya pa geti ikhale yoyamba. DNPW imalipilitsa munthu aliyense pa tsiku lililonse limene walowa mu paki, ndipo mtengo wa nzika ni wosiyana na wa alendo akunja. Kuti mulipile monga nzika mufunika kuonetsa NRC, so reji isatsale pa dilesa. Ngati mu gulu muli mnzanu wa ku Congo, Zimbabwe kapena Malawi, mtengo wake udzasiyana, funsilanitu. Maloji ambili saika ndalama ya pa geti mu mtengo wawo, ndipo amalemba poyela. Wachinyengo salemba, mumadzadziwila pa geti pamene anzanu atsika kale.

Chachiwili, ma game drive ni angati? Ku South Luangwa mwambo ni maulendo awili pa tsiku: wa m'mawa kuyambila cha m'ma 06:00 mpaka cha m'ma 10:00, na wa madzulo kuyambila cha m'ma 16:00 mpaka 20:00. Mausiku atatu na game drive imodzi chabe si ulendo woona nyama, ni pikiniki ya kutali.

Chachitatu, kogona. Ni chipinda, ni tenti yokhala na bedi, kapena ni tenti yoyala pansi? Mugona angati? Matilesi na bulangeti ni zawo kapena mubwele nazo? Neti ya udzudzu ilipo? Chigwa chija chili na malungo, ndipo mukabwelako n'kumva mutu na kuphwanya m'thupi, thamangilani ku kiliniki mukapimitse, musati ni kulema kwa ulendo. Funsaninso mtunda wochoka pogona kufika pa geti. Ena amalemba Mfuwe koma akugonekani pa gesiti hausi ya kutali, m'mawa theka la nthawi n'kuthela pa msewu.

Chachinayi, chakudya na madzi akumwa: kangati pa tsiku, aphika ndani? Ngati mu gulu muli wodwala shuga kapena BP, wosadya nkhumba, kapena wa pathupi, kambani poyamba.

Mukalandila dzina la loji, chitani chinthu chimodzi chimene chimapulumutsa anthu ambili: pezani nambala ya lojiyo mwa inu nokha, osati imene wakupatsani wogulitsa, muimbe. Funsani ngati kampani yakuti-yakuti yasungitsa malo a anthu akuti pa deti lakuti, ndipo ngati yalipila dipoziti. Mphindi ziwili za talk time. Loji ikati sitiwadziwa, nkhani yatha. Safunsa anadya phula.

Gaidi ndiye moyo wanu

Zambia imanyadila ulendo woyenda pansi m'thengo. Norman Carr ndiye anauyambitsa m'chigwa cha Luangwa, ndipo mu 1950 anagwilizana na Mfumu Nsefu ya Akunda kutsegula kampu yoyamba ya alendo oona nyama, ndalama zake n'kumapita kwa anthu a m'delalo. Mpaka lelo magaidi a ku Luangwa amalemba mayeso ovuta, ndipo chilolezo choyendetsa alendo pa motoka n'chosiyana na choyenda nawo pansi. Poyenda pansi pamakhala gaidi wa chilolezo pamodzi na msilikali wa nyama wa DNPW wonyamula mfuti, gulu limakhala laling'ono, ndipo ana osafika zaka 12 saloledwa. Munthu akakuuzani kuti tidzatsika tiyendeko pang'ono tokha kuti tijambule bwino, ameneyo aseweletsa moyo wanu.

Ku Lower Zambezi, kupitilila Chirundu, kokoma ni pa madzi: bwato, kuwedza, njovu zikumwa m'mbali, Mana Pools ya ku Zimbabwe ili tsidya lija. Koma mtsinje uja uli na mvuu na ng'ona. Funsani ngati pali ma life jacket okwanila aliyense, ndipo ngati wotsogolela mabwato ni wophunzila nchitoyo. Ambili a ife tinakulila mu komboni, kusambila tinaphunzilila m'madzi a mvula a mu Kanyama. Musachite manyazi kunena kuti simudziwa kusambila.

Kampani yabwino imakupatsani malamulo musanakwele, ndipo siopa kukukhumudwitsani. Osaimilila pa motoka pafupi na nkalamu. Osatsika popanda chilolezo cha gaidi. Sipika ya Bluetooth itsale mu chola. Osasunga malalanje, mango kapena chakudya mu tenti, chifukwa makampu ambili a ku Mfuwe alibe mpanda ndipo njovu imanunkhiza patali. Usiku mvuu zimatuluka kudya udzu pakati pa matenti, so mlonda akati dikilani nikupelekezeni, dikilani. Osapatsa anyani chakudya. Osasamba mu Luangwa olo kutenthe bwanji. Ngati wokonza ulendo ndiye ali patsogolo kukuwa kuti dalaivala asendeze pafupi na njovu ya mwana kuti selfie ituluke bwino, mwakwela na munthu wolakwika.

Funsani za first aid, na kumene angakupelekeni munthu akadwala usiku. Yankho likhale na dzina la malo.

Kalipilidwe

Dipoziti ni yachibadwa mu bizinesi iyi, chifukwa naonso afunika kusungitsa malo. Chimene si chachibadwa ni kukukakamizani kulipila zonse lelo-lelo pa ulendo wa miyezi itatu kutsogolo. Lipilani gawo, mulandile lisiti yokhala na dzina la kampani, deti la ulendo, na ndalama yotsala. Sungani mauthenga onse, osadalila voice note na mawu a pa foni. Zimene mwagwilizana pakamwa, muuzeni azilembe.

Mafunso atatu a ndalama afunika yankho lolembedwa. Ine nikalephela kuyenda chifukwa cha malilo kapena abwana akana chuti, mubweza zingati? Imwe mukalephela kukwanitsa anthu n'kuimitsa ulendo, mubweza liti? Mukasintha loji, nili na ufulu wokana? Lachiwili ndilo lofunika kwambili, kaili maulendo ambili a magulu amafa chifukwa anthu sanakwane, ndipo ndalama zimayamba “tizakuikani pa trip ya next month” mpaka chaka kutha.

Osakhulupilila ndemanga zolembedwa pansi pa malonda zokha, ena amalemba na abale awo. Pemphani kukamba na munthu amene anayendapo nawo, ndipo mumufunse chimene chinavuta. Ulendo uliwonse umakhala na chovuta. Chimene mufuna kumva ni mmene kampani inachitila pamene zinthu zinapotoka. Onaninso zithunzi: muli nkhope za magulu awo eni-eni, pa basi yawo, pa geti ya paki, kapena ni nyama zokha-zokha zooneka monga za pa kalenda?

Ngati muyenda monga gulu la ku nchito, la ku tchalitchi kapena la chilimba, ndalama isakhale pa foni ya munthu mmodzi. Sankhani awili kapena atatu, ndipo lisiti iliyonse ionetsedwe kwa onse. Tinene kuti muli anthu 12, aliyense aponya K300 pa mwezi kwa miyezi 10: aliyense ali na K3,000, gulu lili na K36,000. Ndalama yotele imapatsa mphamvu yokambilana mtengo na loji mwachindunji, komanso imayesa mtima wa msungichuma. Maubwenzi ambili athela pa thumba la gulu.

Zikavuta, njila zilipo. Amene watenga ndalama n'kuzimitsa foni ni nkhani ya ku polisi, ndipo muuzenso kampani ya foni imene munatumila ndalama mwamsanga. Amene wakupatsani zosiyana na zimene analonjeza mungamudandaulile ku Competition and Consumer Protection Commission, CCPC, komanso ku Zambia Tourism Agency. Konse uko adzafuna umboni, ndiye chifukwa chake lisiti na mauthenga ni chuma.

Ndalama yanu itsala kuti?

Pali funso lina limene sitimafunsa kawili-kawili. Anthu a ku Mfuwe, ku Chiawa na ku Mumbwa amakhala na nyama izi tsiku lililonse. Njovu imene imwe mujambula ndiyo imadya chimanga chawo usiku. Ngati alendo abwela na zonse kuchoka ku Lusaka, n'kusiya mabotolo na mapepala chabe, munthu wa kumudzi adzaona phindu lanji posunga nyama? Sankhani kampani imene imalemba nchito magaidi, ophika na alonda a komweko. Gulani tomato, nsomba na zosema pa msika wa pa Mfuwe. Gaidi akakuyendetsani bwino, muikileni kanthu m'manja, olo pang'ono, gulu lonse likasonkha imakhala ndalama.

Ndipo wina akakunong'onezani kuti pobwela tidzakupezelani ka nyama ka m'thengo kotchipa, kanani. Kupezeka na nyama ya m'thengo popanda mapepala ni mlandu pansi pa Zambia Wildlife Act ya mu 2015, ndipo anthu amapita ku jele. Pa msewu pali malodibuloko, ena ali na agalu onunkhiza. Kuwonjezela apo, nyama ya mvuu inadwalitsapo anthu anthrax ku Chama mu 2011. Kampani imene ikuonetsani nyama m'mawa n'kukugulitsani nyama yomweyo madzulo siifunika ndalama yanu.

Yambani pafupi

Ngati thumba likali lopepuka, musadzipanikize na nkhongole ya kaloba chifukwa cha zithunzi. Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, ili kum'mwela chakum'mawa kwa tauni, mbali ya Leopards Hill. Kulibe nkalamu, koma mbidzi, nyamalikiti, nyumbu na nyama zina ziliko, ndipo mungapite m'mawa n'kubwela madzulo. Ni malo abwino oyeselapo kampani yatsopano: ngati yalephela kusunga nthawi na kukwanitsa malonjezo pa ulendo wa tsiku limodzi, musaipatse masiku anayi na makilomita 700.

Kumbukilaninso kuti simukakamizidwa kudzela mwa munthu wa pakati. Mungakwele basi pa Intercity kupita ku Chipata kapena ku Mfuwe, n'kusungitsa malo mwa inu nokha pa kampu yotsika mtengo kunja kwa geti, n'kulipila game drive pomwepo. Funsani mtengo wa nzika, maloji ambili ali nawo koma sauika pa chithunzi. Mukawelengela zonsezi pa pepala, mudzadziwa ngati mtengo wa wokonza ulendo uli na nzelu. Ukakwela pang'ono, ni malipilo a thukuta lake, ndipo n'zoyenela. Ukatsika kwambili kuposa mmene mwawelengela, musasangalale, funsani chimene chachotsedwa: mwina ni geti, mwina ni gaidi, mwina ni inshuwalansi ya basi.

Wokonza ulendo wabwino sakwiya na mafunso. Amayankha, amatuma mapepala, nthawi zina amakuuzani kuti mwezi uno osapita, dikilani August. Ameneyo musungeni, muuzeko na anzanu. Uyo amene akuti mufunsa maningi monga apolisi, mulekeni na malo ake atatu otsala. Njovu za mu Luangwa sizithawa, mudzazipeza na mwezi wa mawa.